Lekani masamba agone pansi m'munda wa mankhwala

Kuno ku Nkhotakota tinaleredwa ndi tsache. Mwana wamkazi akadzuka m'mamawa amayamba wasesa bwalo asanachite china chilichonse, ndipo pakhomo pamene pali masamba ogwa timati pali mayi waulesi. Khalidweli ndi labwino ndipo sindikulinyoza. Koma tikalitenga n'kukaliika m'munda wa zitsamba za mankhwala, mundawo timaupha. Ndikunena izi chifukwa cha gulu lina la anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo amayi ndi agogo, amene akusamalira kamunda kotere m'mudzi wina pakati pa msewu wa M5 ndi mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota. Chaka ndi chaka akumva mawu amodzimodzi kuchokera kwa anzawo a m'mudzi: mwasunga tchire, mukuweta njoka, kasesenimo. Ine ndili mbali ya amayiwa, ndipo ndikufuna mafumu, alangizi a zankhalango ndi akhonsolo akhalenso mbali yawo.

Kamundako sikafika kukula kwa bwalo la mpira. Malowo anapereka ndi amfumu, kumapeto kwa mudzi, pamene nthaka inali itaguga ndi chinangwa. M'mbali anabzala khonje ndi nkhadze kuti mbuzi zisalowe. Mkati muli nimu ndi chammwamba, mitengo iwiri imene kwawo ndi ku India koma inakhazikika bwino kuno kotentha. Ndiye pali yathu yachikhalire: muwawani, mvunguti, chitimbe, mpoza, bwemba, naphini, ndi mkuyu umodzi umene anaupeza uli kale pomwepo. Pansi pali mpungabwi ndi alovera, ndipo gondolosi akuyanga pa chitimbe. Pakona pali mulu wa zipika zowola ndi miyala, m'mwamba mwa bwemba muli ming'oma ya njuchi, ndipo patsinde pa mkuyu anaikapo phale la madzi loti mbalame zizimwa. Masamba akagwa amasiyidwa pomwepo. Amasesa njira zokha.

Munthu angafunse kuti anthu a kumudzi akubzaliranji zinthu zimene kale ankangozipeza kuseri kwa nyumba. Kuseri kwa nyumbako kulibenso kanthu. Pa kalembera wa 1966 dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni, pa wa 2018 tinali titapitirira 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi banja lililonse likuphikabe ndi nkhuni kapena makala. Kuno kwathu onjezanipo mauvuni a njerwa, nkhuni zowambira nsomba kunyanja, ndi minda ya chinangwa, mpunga ndi mzimbe imene yadya madambo ndi magombe a mitsinje. Tchire lalikulu limene latsala ndi nkhalango ya Nkhotakota, yokula pafupifupi masikweya kilomita 1,800, imene kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anaitchinga ndi mpanda, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamene za momwemo zinali zitatsala zosakwana 100. Ntchito imeneyi ndi yotamandika. Koma ikutanthauza kuti gogo wofuna khungwa la muwawani sangangotenga nkhwangwa n'kulowa mmene ankachitira amayi ake. Kunja kwa mpanda kuyenera kukhala ndi mitengo yakeyake, apo ayi anthu adzayamba kuuona mpandawo ngati mdani.

Ndipo mitengo yochepa imene yatsala kunjaku ikufa imfa yowawa. Yendani m'mbali mwa minda mukaone miwawani imene yatsala. Yambiri makungwa anaisenda kuzungulira thunthu lonse. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira ku mizu kudzera m'khungwa lam'kati, ndiye mukasenda kuzungulira mwadula njira imeneyo. Mtengo umaoneka wamoyo kwa miyezi ingapo, mizu ili kufa ndi njala, kenako n'kuuma. Amene amachita izi kawirikawiri si munthu wodwala wa m'mudzimo, koma wogulitsa amene akufuna kudzaza thumba lopita nalo ku msika. Chimodzimodzi gondolosi: chimene chimagulitsidwa ndi muzu, ndipo wokumba mwachangu amazula chomera chonse osasiya kanthu.

M'kamunda kaja ndinaona gogo wina akuphunzitsa mdzukulu wake kutenga khungwa. Anatenga mpeni, nadula kachigamba kakang'ono kotalika ngati chala, molunjika m'mwamba, mbali ya kum'mawa kwa thunthu. Mwanayo anafuna kupitiriza kusenda poona kuti khungwa likuchoka mosavuta. Gogoyo anamugwira dzanja. "Iwe mwanawe, mtengo sauvula malaya onse. Ukafunanso udzatenge kumadzulo, uku kutapola." Mwanayo anafunsa kuti, "Nanga agogo, kapola liti?" Anamuyankha kuti akaone chipsera cha chaka chatha, chimene m'mbali mwake munali mutayamba kale kutukumuka khungwa latsopano. Kenako gogoyo anatapa dothi lonyowa n'kumata pabalapo. Mwambo wotenga mbali ya kum'mawa ndi kumadzulo ena amaufotokoza mwa mizimu, koma zotsatira zake n'zooneka ndi maso: thunthu silisendedwa kuzungulira ndipo mtengo umakhala ndi moyo. Nzeru yotere siingaphunzitsidwe pa msika. Imafuna mtengo woimirira, gogo, ndi mwana, onse pamalo amodzi.

Tsono nkhani ya nyama ndi tizilombo ikubwera pati? Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale ena ofunira gululi zabwino, amasochera. Amaganiza kuti mbalame, achule ndi mileme ndi zokongoletsa chabe, zoti azungu odzaona malo asangalale. Ayi ndithu. Popanda zamoyo zimenezi munda wa mankhwala sungaberekane, ndiponso mankhwala ake sangakhale oyenera kumwa.

Tiyambe ndi mvunguti. Maluwa ake ofiira moderako amalendewera pa zingwe zazitali, amatseguka usiku, ndipo fungo lake si lokoma kwa munthu. Amene amawakonda ndi mileme yodya zipatso. Mleme umalowetsa mutu m'duwa kufuna timadzi totsekemera, mungu n'kumatirira pa ubweya wake, ndipo ukapita pa mtengo wina umakausiya kumeneko. Mlambe nawonso umatero: maluwa ake oyera amatseguka madzulo ndipo amadalira kwambiri mileme. Ana akamagenda mileme ndi malegeni, akuchepetsa mivunguti ndi malambe a zaka zikubwerazo, ngakhale palibe amene wagwira nkhwangwa.

Mkuyu nkhani yake ndi yodabwitsa kuposa pamenepa. Tonse timaudziwa mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo aliyense amene anang'ambapo nkhuyu anaonamo tizilombo tating'onoting'ono. Tambiri mwa timeneti si nyerere koma timavu. Maluwa a mkuyu ali m'kati mwa chipatso chenichenicho. Kamavu kakakazi kamalowa pa kabowo ka kunsonga kwa nkhuyu katanyamula mungu wochokera pa mkuyu wina, kamaikira mazira m'katimo, ndipo potero kamachititsa kuti njere zikhwime. Popanda kamavuko palibe njere, popanda mkuyu kamavuko sikangaswane. Ndiye nkhuyu zikapsa zimadyetsa apumbwa, njiwa, mileme, agologolo ndi apusi, amene amamwaza njerezo kutali. Mkuyu wotchuka uja wa pa boma pano, umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, uyenera kuti unamera kuchokera ku njere imene inadutsa m'njira yomweyi.

Njuchi sindichita kuzitchula kwambiri chifukwa uchi wake tonse timaudziwa. Chimene timaiwala n'chakuti njuchi zimene zimadya maluwa a muwawani, bwemba ndi mpungabwi ndi zomwezo zimene zimapita m'minda yoyandikana nayo. Dzungu lili ndi duwa lalimuna ndi lalikazi, ndipo popanda kachilombo konyamula mungu kadzungu kamangofota n'kugwa. Mlimi wa maungu, mpendadzuwa kapena mango amene ali pafupi ndi kamunda kaja akudya nawo thukuta la amayiwa osadziwa.

Mbalame ndiye zimagwira ntchito ya nazale. Pansi pa mkuyu ndi bwemba, pamene zimatera, pamamera timitengo ta mpoza, masawu ndi nimu popanda wofesa. Amayi aja amatikumba mosamala n'kutiika m'machubu. Nimu yekha amachita kumuzulako, chifukwa amamera mwaunyinji ndipo akangomulekerera amaphimba anzake. Timitengo timeneti timamera chifukwa pansi pali masamba owola amene amasunga chinyezi. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, lowetsani dzanja pansi pa masambawo ndipo mupeza dothi lozizira, lokhala ndi nyongolotsi ndi timabowo ta chiswe, pamene pa njira yosesedwa mchenga ukuwotcha phazi. Tsache likapita pamenepo limatenga njere, manyowa ndi chinyezi nthawi imodzi, ndipo mvula yoyamba imakokolola dothi lotsalalo.

Koma mfundo imene ine ndimaiona yaikulu kuposa zonse ndi iyi. Tsamba la chammwamba limasinjidwa n'kuthiridwa m'phala la mwana. Tsamba la nimu limawiritsidwa. Alovera amapakidwa pabala. Munda wotere sungapoperedwe mankhwala a mbozi ngati munda wa thonje kapena wa tomato, chifukwa chimene mwapoperacho chikathera m'thupi la munthu amene wafooka kale. Ndiye nsabwe za m'masamba, mbozi ndi ziwala zikabwera, adzazichepetsa ndani? Ndi achule amene amabisala pansi pa zipika zowola zija masana n'kutuluka usiku. Ndi abuluzi a pa mulu wa miyala, bilimankhwe wa m'nthambi, akangaude, atimba ndi mbalame zina zodyetsa ana awo mbozi. Makoswe amene amadya njere amachepa ndi kadzidzi. Mukachotsa mulu wa zipika ndi miyala pofuna ukhondo, mwathamangitsa alonda onsewa, ndipo posakhalitsa wina adzabwera ndi sipuleya. Munda umene anthu akuutcha tchirewu ndiye waukhondo weniweni pa chinthu chimene chikalowe m'kamwa.

Tsopano za njoka. Sindikufuna kuichepetsa nkhawa imeneyi, chifukwa amene akuinena ndi makolo a ana ang'onoang'ono ndipo akunena zoona. Kuno kuli mphiri, kuli mbobo, kuli nsato. Mphiri makamaka ndi yoopsa pamalo a masamba ouma, chifukwa khungu lake limafanana ndi masambawo, ndipo siithawa ikamva mapazi. Imangokhala duu, munthu n'kuiponda. Bungwe la World Health Organization linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha mu 2017, ndipo aliyense wokhala kumudzi akudziwa kutalika kwa ulendo wa ku chipatala usiku. Munthu amene mwana wake analumidwapo sungamuuze za mungu ndi mileme iye n'kukumvera.

Komabe tiyeni tifunsane bwino: njoka zimene zimapezeka m'makomo mwathu zimabwera kudzatani? Zimatsata makoswe a m'nkhokwe, anapiye ndi mazira a m'khola, ndi mthunzi wa mulu wa njerwa kapena nkhuni. Zimapezeka ngakhale pakhomo posesedwa bwino, ndipo zimachuluka m'mudzi makamaka tchire likatenthedwa, chifukwa zasowa kobisala. Kusesa kamunda kaja sikungathetse njoka m'mudzi. Chimene chingathandize ndi chimene gululi likuchita kale: njira zotakata zolambulidwa bwino kuti phazi lizioneka pamene likuponda, mulu wa zipika kuuika kutali ndi nyumba ndiponso kutali ndi pamene ana amadutsa, mpata wolimidwa pakati pa munda ndi mudzi, lamulo lakuti mwana salowa yekha ndiponso palibe wolowa kukada, ndi kuyamba wagwedeza masamba ndi ndodo usanapisepo dzanja. Chimene akusowa ndi magambutsi. Ambiri amagwira ntchitoyi atavala mapatapata, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chimene munthu wakufuna kwabwino angawagulire mawa, ndi chimenechi. Ndinenenso mosabisa: palibe chitsamba cha m'mundamo chimene chinatsimikizika kuti chimapha ululu wa njoka. Wolumidwa asatemedwe mphini, asayamwidwe bala, asamangidwe chingwe chothina. Mwendo kapena dzanja lolumidwalo lisagwedezeke, ndipo athamangire naye ku chipatala.

Ena amati mundawo ukuweta udzudzu. Udzudzu wa malungo umaswana m'madzi odikha, m'zithaphwi, m'maenje oumbira njerwa ndi m'minda ya mpunga, osati m'masamba ouma. Phale la mbalame lija likhoza kukhala vuto ngati madzi ake agonamo sabata yathunthu, n'chifukwa chake amawataya n'kuthira ena pakapita masiku awiri kapena atatu. Enanso amanong'onezana kuti amayi osunga kadzidzi ndi mileme pafupi ndi mitengo ya mankhwala ali ndi zawo. Manong'onong'o otere apweteketsa agogo ambiri m'dziko muno, ndipo mfumu yabwino imawazimitsa asanakule. Mundawo ulibe chobisika: chipata chake chilibe loko, ntchito imagwiridwa masana, ndipo mtengo uliwonse uli ndi kachikwangwani ka dzina lake.

Ndipotu kusunga tchire dala si chinthu chachilendo kwa ife. Muyende kuchokera ku Benga, kudutsa Chia mpaka Dwangwa, muone pamene pali mitengo ikuluikulu yothithikana pakati pa minda yoyera. Kawirikawiri ndi pamanda. Makolo anaika lamulo lakuti pamenepo sadula mtengo wamba ndipo satentha, ndipo lamulolo lagwira ntchito kuposa zikwangwani zambiri za mapulojekiti. Mudzi umene umatha kusunga nkhalango ya akufa ungathenso kusunga kamunda ka odwala.

Pali chitsutso china chochokera mbali ina, kwa anthu a zachipatala, ndipo nachonso n'chomveka. Amaopa kuti munda wa zitsamba uchedwetsa anthu kupita ku chipatala. Boma lathu lino la m'mbali mwa nyanja lili ndi malungo ambiri, ndipo mwana wotentha thupi akhoza kutsikira kuli chete m'masiku ochepa makolo ali kalikiliki kumumwetsa nimu. Pamenepa sipafunika kunyengerera: mwana akatentha thupi akayezedwe magazi, ndipo akapezeka ndi malungo amwe LA, amene dziko lino lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira 2007. N'zoona kuti mbali imodzi ya LA inachokera ku chomera, chitsamba cha Artemisia annua cha ku China, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Koma bungwe la World Health Organization silivomereza kumwa tiyi wa chitsambachi pochiza malungo, chifukwa mphamvu ya m'masamba imasiyanasiyana, ndipo mlingo wochepa umangozoloweretsa tizilombo. Ife a Malawi tikudziwa kuwawa kwake, poti mu 1993 tinasiya chloroquine atasiya kugwira ntchito. Ndiponso si chomera chilichonse chimene chili chofatsa. Njere za nsatsi zili ndi poizoni, utomoni wa nkhadze umawononga maso, chipatso chachiwisi cha mvunguti sichidyedwa, ndipo anamwino akhala akudandaula kwa zaka zambiri za mwanamphepo, amene amayi oyembekezera amamwa kuti matenda ayambe msanga koma amatha kung'amba chiberekero.

Ine ndikuona kuti zimenezi zikuikira kumbuyo mundawu. Anthu sadzasiya kumwa zitsamba, kaya wina afune kaya asafune. Funso n'lakuti azitenga kuti. Pa depoti ya basi pali mabotolo a madzi akuda opanda dzina la chomera, opanda mlingo, olembedwa kuti amachiza shuga, BP, kusabereka ndi khansa nthawi imodzi. Wogula sadziwa chimene chili m'katimo, ndipo wogulitsayo mawa sadzapezekanso. M'munda wa m'mudzi chomera chili poyera, dzina lake likudziwika, amene akukupatsa ndi mnansi wako amene mudzaonana naye pa mjigo. Mlangizi wa zaumoyo akhoza kubwera, kukhala pansi pa mkuyu ndi amayiwo, n'kugwirizana nawo kuti izi n'za chilonda chaching'ono, chifuwa cha chimfine kapena kuonjezera m'phala, koma kutentha thupi kwa mwana, pakati, kutsokomola kwa masabata awiri ndi munthu amene ali pa ma ARV, zimenezo n'za ku chipatala. Kukambirana kotere sikungachitike ndi munthu wa botolo uja.

Nanga anthu ongodziperekawa tikuwachitira chiyani? Ntchito yawo si yamasewera. Mu Juni ndi Julayi, udzu usanaumitsitse, amalambula mpata wotchinga moto kuzungulira munda wonse, chifukwa akudziwa kuti anyamata osaka mbewa akayatsa tchire, mwera uli kuwomba, ntchito ya zaka zisanu itha kupsa pa ola limodzi. Anthu akakolola n'kutayirira mbuzi, amakhalira kutseka mipata ya mpanda. Mu Okutobala ndi Novembala amasenza ndowa kuchokera ku mjigo kukathirira timitengo ta m'machubu, atatunga kale madzi a pakhomo pawo. Njere zolimba ngati za muwawani amayamba azinyika m'madzi otentha kuti zimere msanga. Zonsezi amachita ali ndi minda yawo ya chinangwa ndi mpunga yowadikira, ndipo palibe amene amawalipira.

Sindili m'gulu la anthu amene amatamanda kudzipereka kwa amayi osauka n'kuthera pomwepo, ngati kuti kuyamika kumadyedwa. Koma sindikukhulupiriranso kuti yankho ndi alawansi. Taona mapulojekiti ambiri obzala mitengo amene anabwera ndi matisheti, chikwangwani ndi ndalama ya chakudya chamasana. Tsiku limene alawansi inatha ndi tsiku limene kheni yothirira inaikidwa pansi. Gulu ili lakhalitsa chifukwa mundawo ndi wawo ndipo akuudziwa phindu lake. Choyenera n'chakuti phindulo likhale lawodi. Uchi wa m'ming'oma ija ukhale wa gulu. Mbande za muwawani, mvunguti ndi gondolosi azigulitsa kwa masukulu, mipingo, mizikiti ndi mabungwe. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo chaka chilichonse, ndipo mabungwe amagula mbande zambirimbiri, kawirikawiri za bulugamu, kesha ndi mitengo ina yokula msanga. Palibe chifukwa choti gawo la ndalama imeneyo lisapite kwa magulu a m'midzi amene akufesa mitengo yachikhalire ya mankhwala.

Asing'anga nawonso asaime patali. Iwo ndi amene amadziwa bwino kuti mtengo uti wasowa ndiponso unkapezeka pati, ndipo iwo ndi amene adzavutike koyamba ukatheratu. Wotenga khungwa kapena muzu m'mundamo abweretse njere kapena agwireko tsiku limodzi lolambula. Pa 31 Ogasiti, tsiku limene mayiko a mu Africa amakumbukira mankhwala achikuda, limagwa pakati penipeni pa nyengo ya moto wolusa. M'malo mothera tsikulo pa zolankhula za pa boma, asing'anga a kwa Malengachanzi, Mwadzama, Mphonde, Kanyenda ndi madera ena angathe kulithera m'minda yotereyi ndi makasu m'manja. A National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba ali ndi akatswiri odziwa kusiyanitsa zomera zofanana, ndipo thandizo lawo lingapewetse ngozi, chifukwa dzina limodzi la Chichewa nthawi zina limatchulidwa pa zomera ziwiri zosiyana malinga ndi dera.

Kwa mafumu pempho langa ndi lolunjika. Gogo chalo akalankhula pa bwalo kuti wotentha moto pafupi ndi munda wa mankhwala kapena wolowetsamo mbuzi alipira chindapusa, anyamata amamva. Akalankhulanso kuti masamba a m'mundamo asasesedwe ndipo mileme ya mu mvunguti isagendedwe, mkangano wa tchire uja utha tsiku lomwelo. Mawu a amayi okha sakukwanira, chifukwa owatsutsawo ndi alamu awo, apongozi awo ndi atsibweni a ana awo, anthu amene mwaulemu sangawayankhe pagulu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi malo. Pamene amfumu ankapereka, inali nthaka yoguga imene palibe ankaifuna. Lero pali mthunzi, dothi lada, mitengo yayamba kunenepa. Tonse tikudziwa zimene zimachitika malo akakongola: mdzukulu wina wochokera ku tauni amatulukira n'kunena kuti apa panali pa munda wa agogo ake, kapena wina amayamba kuwerengera matumba a makala amene angatuluke mu bwemba. Lamulo la zankhalango la 1997 limapatsa mfumu ya mudzi mphamvu yopatula malo a mudzi kuti akhale nkhalango ya mudzi, mothandizidwa ndi a zankhalango, ndi komiti yoyang'anira. Kamunda aka ndi ena onga iko alembedwe motero. Malire ayendedwe ndi mapazi pamaso pa mudzi wonse, aikidwe zizindikiro, ndipo pepala likhale kwa amfumu, kwa gulu ndi ku ofesi ya zankhalango pa boma. Mlangizi wa zankhalango wa deralo asadikire kuti amayiwa apeze ndalama ya kabaza yopitira ku ofesi, apite yekha. Izi zichitike chaka chino, amfumu amene anapereka malowo adakali moyo ndiponso mboni zimene zinalipo tsikulo zikadatha kuloza pamene panadutsa malire.